Wothandiza Bwana pa Nyengo ya Kusankha

Kumapiri a ku Ntchisi kuli kamtsinje kena komwe anthu amawoloka pa mlatho wa mitengo ya bulugamu. Mlathowo unamangidwa chifukwa cha ine, koma musafulumire kundiombera m'manja. Njira imene unabwerera ndi yochititsa manyazi, ndipo kwathu ku Mvera nkhaniyi ndinaibisa zaka zambiri. Lero ndaganiza zoulula, poti amene akanandikalipira anatsogola kale.

Inali nyengo ija dziko lonse linali kuwira, tikudikira chisankho choyamba cha zipani zambiri. M'minibasi, pamaliro, pachigayo, nkhani inali imodzi. Ine ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana wa aphunzitsi, wokulira pamishoni, ndili ndi setifiketi ya kutayipa yomwe ndinakaitenga ku Lilongwe. Ndinkatayipa mayeso ndi makalata pa sukulu ina ya pulayimale, pa makina omwe chilembo cha "e" chinafa kalekale (ndinkachita kuchiwonjezera ndi bolopeni, tsamba ndi tsamba). Mumtima mwanga ndinkadziwa kuti ndine munthu wa mu ofesi yaikulu, kungoti ndachedwa panjira.

Chinthu china muchidziwiretu. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo fodya ankadana naye ngati njoka. Kwathu tinkalima chimanga ndi mtedza basi. Choncho ngakhale ndine mwana wa ku Dowa, fodya ndinkangomuona pa lole akudutsa. Kumugwira ndi manja anga ndinali ndisanayambe.

Tsiku lina Loweruka ndinapita ku Mponela kukaona achemwali anga amene anakwatiwa kumeneko. Pachitseko cha golosale ina panali pepala lolembedwa pamanja, lomatidwa ndi phala. Mawu ake ndimawakumbukira mpaka lero:

"Akufunika mtsikana kapena mayi wothandiza bwana pa nyengo ino ya kusankha. Akhale wa maso akuthwa, wodziwa kusanja masamba, wokonzeka kuima tsiku lonse pamaso pa anthu, woyenda ndi bwana kulikonse, ndiponso wodziwa kusunga chinsinsi. Funsani m'kati."

Ndinaliwerenga kamodzi kokha ndipo ndinamva zonse. Nyengo ya kusankha, nanga si chisankho chinali chitayandikira? Bwanayo ndiye kuti akuimira uphungu. Kusanja masamba ndi ntchito ya mafayilo, yomwe ndinkaidziwa ngati dzina langa. Kuima pamaso pa anthu ndi misonkhano ya kampeni. Chinsinsi ndi cha chipani. Za maso akuthwa sindinavutike nazo n'komwe: munthu wosaka "e" wosowa pa masamba makumi atatu angalephere bwanji?

Mwini golosale anandiuza kuti bwanayo ndi Mayi Nambewe, a esiteti ina kumapiri, mukapatuka pa msewu wa ku Ntchisi. Mayi! Apo ndiye ndinatsala pang'ono kuvina. Phungu wachizimayi, ndipo ine kumbuyo kwake nditanyamula chikwama, tikulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Achemwali anga anayesa kundiziziritsa, amvekere ndifunse kaye bwino chomwe anthuwo akufuna. Ndinawayankha kuti wofunsafunsa ndi amene sanapite kusukulu (achemwali anga analekezera fomu thu, ndipo mawu amenewa anandikumbutsa kwa zaka zingapo).

Lolemba ndinatsanzika ahedi. Sindinapemphe tchuthi ngati munthu wanzeru, ndinatsanzika kwenikweni, ndi kalata yotayipa, "e" aliyense ali m'malo mwake. Mayi anga pofika Lachitatu anali atauza kale amayi onse a chigwirizano kuti mwana wawo walowa m'boma. Bambo anandipempherera, nandilangiza kuti ndisakaphunzire bodza kwa andale.

Ndinanyamuka nditavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi nsapato za gogoda. Pa matola anandikhazika pa thumba la feteleza, ndipo pomwe ananditsitsa panali patatsala mtunda woyenda pansi, wokwera ndi kutsika. Ndinafika zidendene zitatupa, koma mutu uli m'mwamba.

Tsopano mwina mufunsa ngati fodyayo sindinamuone. Ndinamuona. Zigafa zoumitsira fodya zinali ndanda kuyambira pa geti, fungo lake lochita kukwera m'mutu. Koma masiku amenewo ndani wofuna uphungu amene analibe esiteti? Ndinangoti apa ndi pamene pamachokera mafuta a galimoto za kampeni.

Mayi Nambewe ndinawapeza atakhala pakhonde. Anali mayi wamkulu thupi, wa imvi, wovala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndodo ili pambali. Anandiuza kuti ndikhale pafupi, pafupi kwambiri, kenako anayamba kundifunsa. Kucheza kwathu kunayenda bwino moti mpaka lero ndikakukumbukira ndimadabwa kuti anthu awiri angamvane chonchi asakumvana.

"Masamba umawadziwa, mwanawe?"

"Ndakhala nawo zaka ziwiri, mayi. Sindisokoneza ngakhale limodzi."

"Oyera ndi akuda umatha kusiyanitsa?"

Ndinaganiza za mapepala oyera ndi akaboni aja timaika pakati potayipa, ndipo ndinati ngakhale nditatsinzina. Anafunsa za ong'ambika, ndinati amenewo ndimaika padera. Anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anatsitsa mawu n'kundiuza kuti chaka chatha sanachite bwino pa kusankha, anthu awo omwe anawasokoneza, zinthu zinasakanizika, ndipo anachita manyazi ku Lilongwe. Ine ndinadziwa kuti akunena za riferendamu.

"Chaka chino tiwina, mayi," ndinatero. "Mundisiyire ine."

Anaseka nati atsikana ena asanu ndi mmodzi anabwera, onse olankhulira pansi ngati akuba, koma ine ndili ndi mawu omveka ndipo ndilibe wachibale pa esitetipo. Ntchito ndapeza. Za chinsinsi adzandiuza akandiona mmene ndikugwirira.

Masana amenewo kapitawo wa pa esiteti, bambo Chimbalanga, anandionetsa chipinda changa, nandiuza kuti mawa lake m'mawa mabanja onse a matenanti asonkhana kushedi. Msonkhano woyamba! Ndinatulutsa kope n'kuwafunsa kuti anthu kuno akudandaula chiyani. Iwo anayesa ndi macheza chabe, ndiye anamasuka. Anati nyumba za matenanti zimadontha, madzi akumwa ndi a pachitsime chosaphimba, ndipo choopsa kwambiri ndi kamtsinje kapakati pa nyumba zawo ndi sukulu, komwe mvula ikagwa ana amakhala masabata osawoloka. Ndinalemba zonse. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, ndikukonza mawu. Palibe amene anandituma, koma wothandiza wabwino sadikira kutumidwa (mfundo imeneyi ndinaiphunzira kukosi ya kutayipa, ndipo aphunzitsi ake ndikanakumana nawo lero tikanakambirana).

M'mawa Mayi Nambewe anali akumwa tiyi. Anandiuza kuti nditsogole ndikawauze anthu kuti akubwera, ndiponso kuti lero tiyamba kusankha. Anawonjezera kuti ndikalankhule mwamphamvu, asandiderere poti ndine mwana.

Shediyo inali yaitali, yofolera ndi udzu, m'kati muli matebulo a nsungwi ndi milu ya fodya. Anthu anali atakhala pansi, abambo uku, amayi uku ndi ana kumbuyo, ambiri ochokera kutali ku Mulanje ndi ku Phalombe. Nsanja sindinaione, ndipo ndinalemba mumtima kuti kapitawo ameneyu kukonza msonkhano sadziwa. Pakona panali belo la fodya losokedwa kale m'chiguduli. Ndinakwerapo, gogoda ndi zonse.

Abale anga, ndinalankhula. Sindikudzitama, koma tsiku limenelo mawu ankangobwera okha. Ndinayamba ndi kuwalonjera mwaulemu, kenako ndinati nthawi ya mdima yatha, tsopano munthu aliyense ali ndi ufulu wosankha yekha, popanda womuopseza. Anthu anayang'anana. Mayi wina anafunsa mnzake ngati ndiye kuti kapitawo sadzayang'ananso ntchito yawo. Ine ndinamva ngati akugwirizana nane, ndipo ndinakweza mawu. Ndinati mukasankha bwino, Mayi Nambewe sadzakuiwalani. Nyumba zodontha zija zidzafoleredwa ndi malata. Pachitsime paja padzakhala mjigo. Ndipo pa kamtsinje kaja, kamene kakhala kakutsekereza ana athu njira ya kusukulu, padzamangidwa mlatho mvula isanagwe.

Nthungululu zinaphulika. Amayi anaimirira, ena anavula zitenje za pamwamba n'kumazikupiza. Bambo Chimbalanga anali kumbuyo, akundikodola ndi manja onse awiri, nkhope itachita thukuta. Ndinaganiza kuti akundilimbikitsa, ndiye ndinawonjezerapo sukulu ya mkaka.

Apo anaimirira bambo wina wachikulire, woonda, chipewa chili m'manja. Anali a Namakhwa, tenanti amene anakhalitsa pa esitetipo kuposa onse. Anadikira phokoso lithe.

"Achemwali, pepani. Zimenezi anena ndi mayi eni ake?"

"Ndi zimene zili mumtima mwawo, bambo," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Nthawi yomweyo Mayi Nambewe anatulukira pakhomo la shedi, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Amayi aja anawathamangira ndi nyimbo, kuwazungulira, wina mpaka kuwayalira chitenje pansi. Zaka zonse zimene anakhala akulima fodya, palibe tenanti amene anawaimbirapo nyimbo. Anaima chilili, n'kufunsa kapitawo kuti kwagwanji. Bambo Chimbalanga anawanong'oneza kukhutu kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo ndinaona nkhope ya mayi ikusintha pang'onopang'ono. Ndinafuna kutsika kuti ndikawalandire, koma chidendene cha gogoda chinali chitaboola chiguduli n'kulowa m'belo. Ndinachita kuvula nsapatoyo n'kutsika ndi imodzi, ndikutsimphina.

Mayi Nambewe sanakalipe. Anapapasa pa tebulo, natola tsamba limodzi la fodya, nandipatsa.

"Tandiuza, mwanawe. Tsamba ili ndi la mtundu wanji?"

Ndinalitembenuza uku ndi uku. "Ndi fodya, mayi."

Kuseka kumene kunabuka m'shedimo sindidzakuiwala. Ndipo pakati pa kusekako m'pamene mutu wanga unatseguka. Masamba. Oyera ndi akuda. Ong'ambika. Kusankha. Mwezi umene dziko linkakonzekera kusankha atsogoleri ndi mwezi womwewo alimi amasankha fodya, kupatula masamba malinga ndi mtundu ndi kutalika kwake asanawatumize ku okushoni. Ku Dowa ndi ku Ntchisi konse munthu mmodzi yekha ndi amene sankadziwa zimenezi, ndipo anali ataima pamenepo ndi nsapato imodzi.

Mayi Nambewe anandiitanira kunyumba. Ndinayenda kumbuyo kwawo ndikuwerengera m'mutu mtunda wobwerera ku Mvera, ndi nkhope ya ahedi, ndi amayi a chigwirizano. Titakhala pakhonde anatambasula dzanja kuti atenge kapu yawo ya tiyi, koma dzanjalo linapita pambali, linapapasa, linagunda shuga. Kapuyo inali patsogolo pawo penipeni. Ndinaitenga n'kuwaikira m'manja.

"Waona," anatero. "Maso akuthwa uli nawodi. Nzeru ndiye sindikudziwa."

Ndiye anandiuza. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo mitundu ya fodya sankaionanso. Chaka chapitacho masamba anasakanizika iwo ali pomwepo, mabelo anabwezedwa ku okushoni, ndipo abale a malemu amuna awo, omwe ankafuna esitetiyo kuyambira tsiku la maliro, anayamba kunena kuti mayiyu wakalamba. Abalewo akanadziwa za masowo akanabwera ndi katundu wawo. Chimene mayi ankafuna ndi munthu woyenda pambali pawo, kuwanong'oneza chimene chili patebulo, kuti iwo azilamula ngati akuona. Anati akanakonda kundithamangitsa tsiku lomwelo, koma chinsinsi ndachidziwa kale, ndipo munthu wa pakamwa ngati panga ndi bwino kumusunga pafupi.

Tisanamalize, a Namakhwa anafika ndi abambo ena awiri, nakhala pansi pa masitepe. Analankhula modekha. Anati iwo si ana, akudziwa kuti za malata ndi za mjigo ndi nyimbo za nyengo ino, akhala akuzimva pa wailesi. Koma za mlatho anthu azimva ndi makutu awo, m'shedi ya mayi, kuchokera kwa munthu wa mayi, ndipo mwezi wa Febuluwale mdzukulu wawo anakokoloka pa kamtsinjeko, anachita kumugwira ndi malaya. Sanaopseze chilichonse. Anangoti anthu akakhumudwa manja amalemera, ndipo fodya sadikira.

Mayi Nambewe anati mitengo ya bulugamu ili kuseri kwa zigafa adule isanu ndi itatu, misomali agula iwo, ntchito agwire matenanti Loweruka lililonse kusankha kukatha. Koma panali mfundo ziwiri zokhudza ine. Yoyamba, ndibwerere kushedi ndikabweze ndi pakamwa panga zonse zimene ndinalonjeza, kupatula mlathowo. Yachiwiri, mitengoyo ndikanyamule nawo.

Kubweza lonjezo pagulu ndi ntchito yowawa kuposa kulonjeza, ndipo m'chifukwa chake simuona andale akuchita. Ndinaima pansi, osati pa belo, nditavala mapatapata obwereka, n'kuyamba kuchotsa chimodzichimodzi. Malata palibe. Mjigo palibe. Sukulu ya mkaka ndinangoiganiza ndekha. Chilichonse ndikatchula, amayi aja ankayankha pamodzi kuti "tamva, olemekezeka," ndipo dzina limenelo linandikanirira mpaka tsiku lochoka.

Kusankha fodya anandiphunzitsa ndi akazi a a Namakhwa, mayi wosalankhula zambiri, amene ankangondimenya padzanja ndi tsamba ndikaika lofiira pa mulu wa oyera. Sabata yoyamba ndinkatsokomola ngati wa chifuwa chachikulu, zala zinada ndi utomoni, bulauzi yoyera ija inasanduka ya khaki. Koma maso anali anga ndithu. Pofika mwezi wachiwiri ndinkayenda pambali pa Mayi Nambewe, nditawagwira chigongono ngati ulemu chabe, ndikunong'ona kuti tebulo lachitatu asakaniza aafupi ndi aatali. Iwo ankaima, kuloza ndi ndodo, n'kukalipa ngati aona okha. Alamu awo atabwera kudzazonda anabwerera akudandaula kuti mayiyu amaona ngakhale kumbuyo. Chaka chimenecho palibe belo limene linabwezedwa.

Voti ndinakaponya pa sukulu ya kutsidya kwa kamtsinje kaja, nditakwinya siketi powoloka. Kwathu ndinkalemba makalata aafupi, onena kuti ntchito ya kusankha ikuyenda bwino ndipo bwana amandidalira, zomwe sizinali bodza. Mitengo ya mlatho ndinanyamula nawo mwezi wa Ogasiti, phewa linasupuka, ndipo a Namakhwa anandipatsa ulemu wokhoma msomali womaliza, womwe unapindika.

Ndinakhala pa esitetipo nyengo zitatu, mpaka mwana wamkazi wa Mayi Nambewe atamaliza sukulu n'kuwatengera kuchipatala kukachotsa ng'ala ya diso limodzi. Nditapeza ntchito ya ukalaliki ku boma la Dowa, mayi anandipempha kuti ndilembe ndine chidziwitso chofunira munthu wolowa m'malo mwanga, wongowathandiza kushedi. Ndinati apa ndiye ndionetse dziko mmene chidziwitso chimalembedwera. Ndinabwereka makina, ndinatayipa masamba awiri athunthu, opanda liwu limodzi lokhala ndi matanthauzo awiri. Ndinalemba kuti fodya ndi fodya wa bale. Ndinalemba kuti kuima ndi kuima ndi miyendo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinafotokoza za chifuwa, za utomoni, za mtunda wochokera pamsewu, ngakhale za nsapato zoyenera. Ndinakamata ndekha pachitseko cha golosale ija ku Mponela.

Tinadikira masabata awiri, osabwera ngakhale munthu mmodzi. Nditapita kukaona, ndinapeza pachitseko patatsala kachidutswa ka pakona basi. Mwini golosale anandiuza kuti anthu ankayamba kuwerenga n'kulekera pakati, koma pepalalo analiyamikira kwambiri kuti linali lofewa bwino, moti madala a pamsika ankang'ambako pang'onopang'ono n'kumapichirira fodya wa chingambwe. Anandifunsa ngati ndingabweretse lina.

Bambo Chimbalanga analemba lawo pamanja, mizere inayi, ndipo Lolemba lotsatira pa geti panali atsikana asanu ndi awiri. Mmodzi anali atanyamula chikwama cha mafayilo. Ameneyo ndinamutengera pambali ndekha.